Tchesi ya Pakhonde la a Sidik

Chisepo, Dowa
13 Febuluwale 1978

Wokondedwa mwana wanga Benjamini,

Ndikhulupirira uli bwino ku Blantyre kumeneko ndipo ntchito ikuyenda. Ife kuno tilipo mwa chisomo cha Mulungu. Mvula ikugwa bwino, fodya tayamba kuthyola, mlongo wako Debora ndi ana ake ali ndi mphamvu. Ine ndekha ndiye ndili ndi chifuwa chimene chakhazikika ngati mlendo wosadziwa kutsanzika.

Chichokere iwe pa Khirisimasi sitinamve kuti unafika bwanji. Ndikudziwa kuti anthu a m'maofesi mumalemba tsiku lonse, mwina n'chifukwa chake dzanja limakana kulembera kumudzi. Amayi ako ali moyo unkalemba mwezi ndi mwezi. Sindikudandaula, ndikungonena.

Thabwa la tchesi unandisiyira lija sindinaliponye pansi pa bedi. Kayendedwe ka zidole zake ndakagwira, ngakhale hatchi imandizunguzabe ndi kudumpha kwake kokhota. Bishopu ndamulandira m'nyumba ngakhale mpingo wathu sudziwa mabishopu. Vuto n'lakuti kuno kulibe wosewera naye, onse ndi a bawo. Tsono ndaganiza kuti tizisewera ine ndi iwe kudzera m'makalata: iwe ukankhe kamodzi n'kundilembera, ine ndikankhe kamodzi n'kukuyankha. Unanena wekha kuti ku kalabu kwanuko palibe amene amakugonjetsa, ndiye mphunzitsi ndili naye kale.

Safunsa anadya phula. Munthu wongoyamba kumene ngati ine amayamba bwanji masewerawa? Pa bawo dzenje loyambira ndimalidziwa, koma apa ndikayang'ana mzere wa asilikali ndimasowa woyamba kumutuma. Undiuze kayambidwe kondiyenera. Ulembe m'mawu, osati m'zilembo ndi manambala unandionetsa aja, pakuti masiku ano kalata imadutsa m'manja ambiri, ndipo sindifuna kukafotokozera anyamata a chipani kuti P-K4 ndi ndani.

Ndine bambo wako,
Kalebe Mbewe

Blantyre
2 Malichi 1978

Okondedwa Bambo,

Kalata yanu ndalandira ndipo ndakondwa kumva kuti nonse mulipo. Pepani chifukwa cha chete, ku ofesi ntchito yathina. Chifuwacho mupite nacho ku chipatala cha Mtengowanthenga, musamangodalira mandimu.

Za tchesizo mwafunsa munthu woyenera. Mayambidwe alipo ambiri ndipo ali ndi mayina, ena a ku Italy, ena a ku France, ena a ku Sicily. Zimenezo n'za ife amene tapita nazo patali, inu zingokupwetekani mutu. Inu gwirani malamulo atatu. Loyamba, yambani ndi msilikali wa patsogolo pa mfumu, apite mabokosi awiri. Lachiwiri, hatchi zonse ziwiri zituluke msanga, ndipo asilikali enawo musawasunthe popanda chifukwa. Lachitatu, mfumukazi isafulumire kutuluka, chifukwa adzakupirikitsirani ngati nkhuku yolowa pa mphale. Mukasunga zimenezi simudzachita manyazi pamaso pa munthu aliyense.

Ine ndatenga zoyera, ndiye ndayamba. Msilikali wa patsogolo pa mfumu yanga wapita mabokosi awiri.

Moni kwa achemwali ndi ana.

Ine mwana wanu,
Benjamini

Chisepo
20 Malichi 1978

Wokondedwa Benjamini,

Landira moni wa kuno. Kalata yako ndinaiwerenga kawiri ndekha, kachitatu ndinawerengera anthu. Malamulo ako ndawaloweza monga ndinkalowezetsera ana katekisimu.

Ndikudziwitse kuti thabwa lija lasamuka. Lili pakhonde la sitolo ya a Sidik, pamene timasewerera bawo masana. Ndinangopita nalo kukaonetsa, koma a Sidik anakana kuti libwerere. Aliikira katebulo pakona ndipo amalivundikira ndi lichero kuopa nkhuku. Anthu akuti ndi nkhondo ya Chisepo ndi Blantyre. A Dominiko, atelala aja, ali mbali yako. Akuti nkhalamba yopuma pa uphunzitsi singalimbane ndi mwana wa m'tauni. Ndawauza kuti asoke zovala za anthu, zinazi aziona.

Nanenso msilikali wa patsogolo pa mfumu, mabokosi awiri. Wayang'anizana ndi wako mphuno ndi mphuno.

Undiuzeko za nyumba ukukhalamo, ngati ikudontha, ndi amene amakuchapira.

Bambo wako,
Kalebe Mbewe

Blantyre
6 Epulo 1978

Okondedwa Bambo,

Ndili bwino, kaya inu. Nyumba sidontha ndipo ndimachapa ndekha.

Bishopu wa pambali pa mfumu yanga watuluka chopingasa, mabokosi atatu.

Zoika thabwa pakhonde la sitolo sindinaziyembekeze. Kodi sizikanakhala bwino masewerawa akanakhala a ife awiri, m'nyumba?

Benjamini

Chisepo
24 Epulo 1978

Wokondedwa Benjamini,

Tilipo. Chimanga chauma, tikumanga nkhokwe yatsopano chifukwa yakale ija chiswe chinaimaliza.

Ukuchita manyazi ndi chiyani? Munthu akabala mwana wodziwa zinthu samubisa kuseri kwa chitseko. Tsiku limene kalata yako yafika, pakhonde paja pamadzaza kuposa tsiku lofika shuga. Ngakhale a Sidik ayamba kuphunzira kayendedwe, ndipo akuti hatchi ndi chidole chokhacho choyenda ngati munthu wa ngongole.

Monga mwa lamulo lako lachiwiri, hatchi ya mbali ya mfumukazi yanga yadumphira m'kati.

Makalata ako akufupika. Pepala likakhalapo, lidzaze.

Bambo wako,
Kalebe Mbewe

Blantyre
10 Meyi 1978

Okondedwa Bambo,

Moni nonse. Kuno kwayamba kuzizira.

Mfumukazi yanga yatuluka chopingasa, mabokosi anayi, mpaka m'mphepete mwa thabwa.

Benjamini

Chisepo
26 Meyi 1978

Wokondedwa Benjamini,

Tili bwino tonse, ndipo ine ndili bwino kuposa onse. Mphunzitsi waswa lamulo lake lomwe! Nditawerenga kalata yako ndinaseka mpaka chifuwa chinandikumbutsa kuti chilipo. Suja unati mfumukazi isafulumire kutuluka?

Pakhonde panali mkangano masiku awiri. A Sidik anayang'ana thabwa nthawi yaitali, kenako anati sakukonda mmene mfumukazi yako ndi bishopu wako akuyang'anira malo amodzi. Anati ndikankhe msilikali wa patsogolo pa hatchi yotsalayo kuti atseke njira. Ndinawayankha pamaso pa onse kuti iwo tchesi aidziwa dzana, pamene ine ndili ndi malamulo ochokera kwa katswiri wa ku Blantyre: hatchi zituluke, asilikali asasunthidwe popanda chifukwa. Ndinawauza kuti mwana wanga sangandiphunzitse chinthu choti ndigwe nacho.

Choncho hatchi yanga yachiwiri yadumphira m'kati, ndipo ikuopseza mfumukazi yako. Thawa nayo, mwana wanga. Ndikudikira kuona kumene ulowere.

Bambo wako,
Kalebe Mbewe

Chisepo
9 Julayi 1978

Iwe Benja,

Ndine mlongo wako Debora. Moni sindipereka wambiri chifukwa nawenso supereka.

Kodi wadwala, kapena akuchotsa ntchito? Juni yense wapita popanda kalata. Bambo amapita kukafunsa makalata mlungu uliwonse, m'mphepo yonseyi yotsika m'mapiri a Ntchisi, ndi chifuwa chawo chija. Akabwerako chimanjamanja amati mwina wapita ku Zomba ndi ntchito. Pakhonde pa a Sidik anthu ayamba kunena kuti hatchi ya aphunzitsi yakuthawitsa, ndipo a Dominiko, amene ankakuchemerera, akuti ukatswiri wako unali wa pakamwa. Bambo amakuikira kumbuyo, amati munthu wodziwa safulumira.

Ine za zidolezi sindizidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti munthu wamkulu sadikiritsidwa chotere. Kankha chilichonse ulembe.

Debora

Blantyre
18 Julayi 1978

Okondedwa Bambo,

Pepani pochedwa. Sindinadwale.

Mfumukazi yanga yadya msilikali wa patsogolo pa bishopu wa mfumu yanu. Mfumu yanu singaidye chifukwa bishopu wanga akuilondera, ndipo ilibe kothawira. Masewera atha.

Benjamini

Chisepo
3 Ogasiti 1978

Benjamini,

Ndikulemba ndine Debora, ndipo usayembekeze kalata ya Bambo.

Popeza sunalipo, ndikuuze zimene kalata yako inachita. Inafika Lachisanu, tsiku limene anthu anali atagulitsa fodya, ndiye pa sitolo panali anthu ngati pa msonkhano. Bambo sanaitsegule panjira. Anabwera kunyumba, anavala jekete lawo la kumpingo, n'kupita nayo yomata kuti akaitsegulire pamaso pa onse. Ine ndinawatsatira chifukwa ndinkafuna mchere. Anavundukula lichero, anavala mandala, anawerenga mokweza monga amawerengera mawu pa Sabata. Atafika poti masewera atha, anabwereza mzerewo chamumtima. Kenako anatenga mfumukazi yako ndi dzanja lawo, anachotsa msilikali wawo, n'kuyamba kuifunira mfumu yawo njira. Anaiyesa uku, anaibweza. Anaiyesa uko, anaibweza.

A Dominiko ndiwo anayamba. Anawerenga pa zala makalata amene unakankhiramo, n'kunena kuti aphunzitsi agwa ndi makalata anayi okha. Khonde lonse linafa nacho chiseko. A Sidik sanaseke ndipo sanakumbutse za msilikali anawauza uja, anangolowa m'sitolo n'kumasuntha mabotolo amene sanafunike kusuntha. Ndikuganiza kuti chete wawoyo ndiye anawapweteka Bambo kuposa chiseko.

Bambo ananena mawu amodzi okha, osayang'ana munthu: "Ndinachita zimene anandiuza."

Anavundikira thabwa, n'kuuyamba wa kunyumba, chipewa anaiwala pa benchi. Ndinachitola ine, ndikuyenda pambuyo pawo maso ali pansi ngati ndine ndaba. Kuyambira tsiku limenelo sanapondenso pa sitolo, ngakhale ku bawo imene akhala akusewera ife tisanabadwe. Dzina lamera kale, akuwatcha a Makalata Anayi, ndipo lafika mpaka ku Mponela ndi anthu a njinga.

Tsono ndikufunse, iwe wanzeru. Unkaganiza kuti Bambo ankafuna tchesi? Pa Khirisimasi unanena kuti masewera amodzi amatha kukankhidwa kambirimbiri asanathe. Utachoka anandiuza akumwetulira kuti ngati zili choncho ndiye kuti apeza njira yolandirira makalata ako zaka ziwiri kapena zitatu. Iwe wawapatsa timapepala tinayi, kenako wawavula pagulu ndi malamulo amene unawapatsa wekha. Ndili ndi manyazi kuti ndine ndinakukakamiza kulemba.

Debora

Blantyre
20 Ogasiti 1978

Okondedwa Achemwali,

Kalata yanu ndakhala nayo m'thumba masiku onsewa. Ndikaitulutsa ndimalephera kuimaliza. Sindikufunsa za moyo wa Bambo ngati munthu wosalakwa, koma mundiuzebe ngati akudya.

Ndikuuzeni zoona, chifukwa ndatopa nazo. Ine si katswiri. Ku kalabu kuja ndimakhala kumbuyo, kuonerera. Tsiku loyamba kusewera, mnzanga wa ku ofesi, Samueli, anandigwetsa ndi msampha womwewu anthu akuona, kenako anandionetsa mmene umatcheredwa. Ndicho chokha chimene ndimadziwa. Msamphawo ukakanika, ndikafika pokankha kachisanu ndimakhala ngati munthu wotsika basi pa malo olakwika. Malamulo atatu aja ndinangomva ena akuuzana, ndipo mayina a ku Italy ndi ku France ndimawadziwa ngati mmene ndimadziwira mayina a mayikowo, osafikako. Pa Khirisimasi ndinadzitama chifukwa ndinkafuna kuti Bambo aone chinthu chimodzi chimene ine ndikudziwa iwo osachidziwa.

Atapempha kuti tisewere ndinachita mantha. Mumawadziwa mutu wawo pa bawo, amaona kumene nkhomo zikathere asanazitole. Ndinadziwa kuti masewera akatalika andizindikira, ndiye ndinayamba ndi msampha wanga, poganiza kuti zili m'nyumba ndipo tidzaseka awiri. Atandiuza za khonde la a Sidik ndinayenera kusiya, koma njira ina ndinalibe. Ndinkayembekeza kuti wina awachenjeza. Wina anawachenjezadi, iwo n'kumukana chifukwa chokhulupirira ine.

Juni yense thabwa langa linali pa mpando, ine n'kumalizungulira. Kubweza mfumukazi kunali kuyamba ulendo umene sindiudziwa. Kudya msilikali uja kunali kuwagwetsa. Kalata yanu itanena kuti anthu akuti ukatswiri wanga ndi wa pakamwa, ndinatenga cholembera tsiku lomwelo. Sindikukuimbani mlandu. Panali manyazi awiri, anga ndi awo, ndipo ndinasankha kuti asenze iwo.

Muwawerengere kalata iyi ngati mungathe. Ine ndikulephera kuwalembera.

Mlongo wanu,
Benjamini

Chisepo
4 Sepitembala 1978

Benja,

Akudya, koma pang'ono. Chifuwa tinapita nacho ku Mtengowanthenga ndipo mankhwala akuthandiza.

Kalata yako sindinawawerengere ndipo sindiwawerengera. Tamvera. Abusa atabwera kudzawaona, ndinawamva Bambo akunena kuti kugwetsedwa ndi katswiri wa ku Blantyre si chinthu chodabwitsa, makamaka katswiriyo akakhala mwana wako. Aliyense wobwera amamuuza zomwezo. Ndiyo nsalu yokhayo imene yawatsalira. Tsono iwe ukufuna ndiwavule imeneyonso, ndiwauze kuti anagwetsedwa ndi munthu wosadziwa kanthu, ndiponso kuti anatsutsa a Sidik pagulu chifukwa cha bodza?

Ukufuna kupepukidwa, ndakumva. Koma katundu ameneyu usatulire pa ine. Unatafuna wekha, meza wekha.

Debora

Blantyre
15 Okutobala 1978

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira chifuwa chachepa. Ine thupi lili bwino.

Achemwali anandiletsa kulemba izi, ndipo mwina akulondola, koma sindingathe kubwera pa Khirisimasi n'kudya nanu mbale imodzi zili chonchi. Bambo, ndinakunamizani. Palibe ukatswiri uliwonse. Ku kalabu sindinagonjetsepo munthu wodziwa kusewera. Ndimadziwa msampha umodzi wokha, wa ana asukulu, ndipo ndi umene ndinakutcherani chifukwa ndinkaopa kuti muzindikira umbuli wanga. A Sidik ananena zoona. Mukanakankha msilikali uja, ine ndikanasowa kolowera, ndipo mukanandigonjetsa mvula isanagwe. Inu simunalakwe kanthu, munangokhulupirira mwana wanu.

Ndikupempha chinthu chimodzi. Kalata ija inawerengedwa pakhonde, inonso iwerengedwe pomwepo, a Dominiko ndi a Sidik alipo. Anthu adziwe woyenera kusekedwa. Kenako mubwerere ku bawo yanu.

Ngati simufuna kundiyankha, ndimvetsa.

Ine mwana wanu,
Benjamini

Chisepo
6 Novembala 1978

Wokondedwa mwana wanga Benjamini,

Tilipo. Kwatentha kwambiri, mizere tamaliza, nazale ya fodya tikuthirira m'mawa ndi madzulo. Chifuwa chachepa.

Kalata yako ndinaiwerenga. Sindikubisira, inandipweteka kuposa ya Julayi ija, ndipo kwa masiku angapo sindinafune kumva dzina lako m'nyumba muno. Mlongo wako ankayenda monyang'ama ngati muli maliro.

Lachisanu lapitali ndinavala jekete, ndinaika kalatayo m'thumba, ndinapita kwa a Sidik monga unapempha. Anthu analipo okwanira. A Dominiko atangondiona anaimitsa makina n'kunena kuti, "Afika a Makalata Anayi." Onse anaseka. Dzanja langa linali kale m'thumba, kalata ndaigwira. Ndinawayang'ana mano awo mmodzimmodzi, ndipo ndinaona kuti ndikangowerenga, mano omwewa atembenukira kwa iwe, ndipo pa Khirisimasi udzatsika basi n'kuwapeza akukudikira ndi dzina lako lokonzeratu. Ndinatulutsa dzanja lopanda kanthu. Ndinavomera kuti, "Wawa, ndafika," ndinakhala pansi n'kupempha nkhomo.

Choncho sinawerengedwe ndipo sidzawerengedwa. Dzinalo ndi langa tsopano, ndayamba kulizolowera, ndipo mutu ukakula sulewa nkhonya. Kuseka ine ndingathe kupirira, koma kukhala pa benchi n'kumamva akuseka mwana wanga sindingathe. A Sidik okha ndinawapepesa kumbali chifukwa chowatsutsa pagulu, osawauza zambiri, ndipo iwo sanafunse. Usadzatsegule pakamwa za nkhaniyi kwa munthu wa kuno. Ukadzamva akunditchula dzina limenelo uli pomwepo, udzakhale chete, ndipo chimenecho ndicho chilango chako.

Thabwa ndalibweza kunyumba, lili pa tebulo la pabalaza. Ulendo uno zoyera ndatenga ine, ndipo za kayambidwe sindikufunsa. Msilikali wa patsogolo pa mfumukazi yanga wapita mabokosi awiri. Kaya kayambidwe kameneka kali ndi dzina la dziko liti, ine sindidziwa, ndipo tsopano ndikudziwa kuti chotsatira nawenso suchidziwa. Ukasowa choyankha ulembe kuti wasowa, koma ulembe.

Ndine bambo wako,
Kalebe Mbewe